Ng'ombe Ikagwada pa Chitunda

Aliyense amene anayendetsapo ngolo m'misewu ya ku Mualadzi kapena ku N'sadzu, m'boma la Chifunde, amadziwa mmene ng'ombe imatopera. Ikachulukiridwa mabelo a fodya pa chitunda, imayamba ndi kulimbana: kupuma wefuwefu, thovu kukamwa, kudzidzimuka ngakhale ndi mthunzi wa mkwapulo. Ukaumirira, imagwada pakati pa msewu. Uyimenye, uyipotokole mchira, siidzuka. Yolimbana ija ndi yogwadayi ndi ng'ombe imodzi, goli ndi lomwelo.

Nkhawa ndi matenda a kukhumudwa zimayenda chomwecho. Mlimi watenga feteleza pangongole kukampani ya fodya, mvula n'kudula mu Januwale. Usiku amangotembenuka pamphasa, mtima uli thithithi, akuwerengera ngongole. Thupi lake likutulutsa adrenaline ndi cortisol, zimene ntchito yake ndi kutithandiza kuthawa ngozi ya kanthawi kochepa. Zikamatuluka kwa miyezi, tulo timasowa ndipo mphamvu zimatha. Kenako munthu uja amasiya kupita kudimba, kutchalitchi, ngakhale kubawo. Nsima imazizirira m'mbale. Zikapitirira masabata awiri, achipatala amayamba kuganizira matenda a kukhumudwa.

Kawirikawiri nkhawa ndi imene imatsogola, ndipo siichoka mnzakeyo akafika. Pafupifupi theka la odwala kukhumudwa amakhalanso ndi matenda a nkhawa. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, ndipo 280 miliyoni anali ndi a kukhumudwa.

Achibale timalakwitsa pawiri. Wankhawa timamuuza kuti, "Mukuganiza kwambiri bambo, limbani mtima." Wogwada timamutcha mlesi, mwinanso timati amulodza. Zonsezo ndi mkwapulo. Mwini ngolo wanzeru amatsitsa mabelo ena, n'kumasula goli, n'kumwetsa ng'ombe madzi.

Kwa munthu, kutsitsa katundu ndiko kukhala naye pansi, kumumvetsera, ndi kuthana ndi mavuto ake limodzilimodzi: ngongole lero, fizi ya ana mawa. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kuchita zimenezi pa mabenchi a kuchipatala, m'ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo odwala ambiri anapeza bwino. Kuno ku Mozambique, kuyambira m'zaka za m'ma 1990 boma limaphunzitsa ogwira ntchito otchedwa técnicos de psiquiatria kuti aziona odwala maganizo m'maboma. Funsani ku Centro de Saúde, akulozerani kwa iwo. Mankhwala monga fluoxetine amathandiza pa matenda onse awiri, koma amatenga masabata angapo kuti agwire, choncho musawasiye msanga. Kachasu amangogonetsa usiku umodzi, m'mawa nkhawa imadzuka itakula.

Wodwala akayamba kunena kuti "bola kufa", musayese nthabwala. Chotsani m'nyumba mankhwala opopera fodya, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.