Kusintha Pampu ya Madzi pa Galimoto ya Pikapu

Pampu ya madzi ndiyo imazunguliza madzi pakati pa injini ndi rediyeta. Ikayamba kudontha kapena kuchita phokoso, dalaivala asazengereze kunena. Injini ikatentha mopitirira muyeso, hedi imapindika, ndipo galimoto yoyenera kupititsa katemera kuzipatala zakumidzi imagonera kugalaja.

Makaniko adikire injini izizire, akhetse madzi onse, amasule lamba ndi mabawuti, kenaka achotse pampuyo. Ambiri amalakwitsa apa: zotsalira za gasiketi yakale zipalidwe bwinobwino, apo ayi pampu yatsopano idzadonthanso. Mabawuti amangidwe pang'onopang'ono, mosinthanitsa mbali. Pothira madzi asakanize ndi kulanti, pakuti a pamjigo okha amadzetsa dzimbiri, kenaka alize injini kuti mpweya wotsalira utuluke.