Disiki inafa ndi zithunzi za ukwati wa eni: mmene ndinamangira nkhokwe ya mafayilo ku Dedza

Foni inalira Lolemba m'mamawa, nkhungu isanachoke paphiri la Dedza. Anali mayi a mkwatibwi wa ku Bembeke amene ndinajambula ukwati wake masabata awiri m'mbuyomo.

"Bambo, zithunzi zija tizione liti? Abale athu a ku Joni akungofunsa."

"Posachedwapa, mayi," ndinayankha choncho, koma thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali chisanu. Usiku wathawo kadisiki kanga, kaja timangoti external, kanali katagwa patebulo. Nditakalumikiza kanangoyamba kulira kuti tiki tiki, laputopu osakaona. Memori khadi ya kamera ndinali nditaifufuta kale kuti ndikajambulire chinkhoswe china.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80, kukapereka kadisikiko kwa anyamata okonza. Anapulumutsa zithunzi zosakwana theka. Za kutchalitchi zonse zinapita. Ndalama ndinabweza, koma ukwati saubwereza. Mpaka lero ndikakumana ndi mayi aja pamsika ndimasowa poyang'ana.

Mwina inu simujambula maukwati. Koma mufoni mwanumo muli masatifiketi, CV, manotsi a kusukulu, mabiti amene mukukonza, mndandanda wa amene anatenga katundu pangongole. Zonsezo zili malo amodzi? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bwanji osangoika pa Google?

Anzanga ambiri anandifunsa zimenezi. Akaunti ya Google imakupatsani malo aulere a 15 GB basi, ndipo malowo amagawana Gmail, Drive ndi Photos. Kuyambira pa 1 Juni 2021 zithunzi zatsopano za mu Google Photos zimawerengedwa m'malo omwewo, ndipo mu 2024 backup ya WhatsApp ya mafoni a Android inalowanso momwemo. Ine ukwati umodzi umandidyera malo ofika 50 GB. Ngakhale nditagula malo owonjezera, kukweza zonsezo pa intaneti ndi bandulo ya Airtel kapena TNM ndiye kuti phindu lonse lathera pa data.

Ndi pamene ndinayamba kufufuza za NAS. Kwathu kuno tingoti nkhokwe ya mafayilo. Ndi kabokosi kokhala ndi madisiki mkati, kamene mumakalumikiza ndi waya ku rauta ya m'nyumba. Foni ndi laputopu iliyonse imene ili pa Wi-Fi ya nyumbayo ikhoza kuika kapena kutenga mafayilo mmenemo. Chimene chinandikopa ndi ichi: fayilo ikamachoka mufoni kupita m'kabokosiko siidutsa pa intaneti, imangoyenda m'nyumba momwemo. Bandulo siikhudzidwa. Ngakhale data itatha, nkhokwe imagwirabe ntchito.

Yambani ndi zomwe thumba likulola

Njira yotchipa kwambiri ndi ya rauta. Marauta ena ali ndi polowetsa USB, ndipo mukalumikizapo disiki, onse a m'nyumba amaiona. Imachedwerapo, koma kwa munthu wa zikalata ndi zithunzi zochepa ndi yokwanira.

Yachiwiri ndi laputopu yakale ija munaiponya pansi pa bedi chifukwa sikirini inasweka. Mukaiikira pulogalamu yaulere ya OpenMediaVault imasanduka nkhokwe. Ngati batire lake likadali ndi moyo, magetsi akathima siizima nthawi yomweyo. Ine ndinayambira pamenepa.

Yachitatu ndi kabokosi kopangidwira ntchito imeneyi, monga ta Synology kapena QNAP. Nthawi zambiri timabwera topanda madisiki, mumagula paokha. Zonse pamodzi ndi madola mazana angapo, ndipo chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere sagulika mwachibwana. Ine zinanditengera nyengo ziwiri za maukwati kuti ndikwanitse kabokosi ka madisiki awiri.

Pogula madisiki, funsani opangidwira kuyaka usana ndi usiku, monga Seagate IronWolf kapena WD Red Plus, ndipo muyambe mwaona patsamba la opanga kabokosiko ngati disikiyo imagwirizana nako. Disiki yakaunjika imene simukudziwa kumene yachokera isiyeni. Chenjerani ndi masamu awanso: mukatchera madisiki awiri a 4 TB kuti azikoperana, njira imene amaitcha RAID 1, malo anu ndi 4 TB, osati 8. Inayo ndi mapasa ake, imodzi ikafa inzake imatsala ndi zonse.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa: kabokosika kamafuna waya, pamene timaMiFi tambiri tilibe polowetsa waya. Mufunika rauta yolowa simu khadi yokhala ndi mabowo a LAN kumbuyo.

Magetsi, mphenzi ndi chinyezi

Makanema a pa YouTube ophunzitsa zimenezi ambiri amajambulidwa kumayiko kumene magetsi sathimathima. Kuno nkhani ndi ina. Tonse tikukumbuka Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira: dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Disiki ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba, fayilo ikhoza kuonongeka.

Choncho musanagule disiki yachiwiri, gulani UPS. Sankhani yokhala ndi waya wa USB wopita ku kabokosiko, kuti magetsi akapita kazidziwa ndi kudzizimitsa kokha bwinobwino batire lisanathe. Rautanso muilumikize pa UPS yomweyo. Kabokosi ka madisiki awiri kamadya mawati pafupifupi 20 kakamagwira ntchito, ndiye ngati muli ndi sola ndi inveta kakhoza kukhala pamenepo osavuta.

Dzinja likafika kumapiri kuno mphenzi si nkhani yoseka. Mvula ya mabingu ikayamba ine ndimazimitsa kabokosiko ndi kuzula pulagi kukhoma. Ubwino wake, tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, moti kutentha sikuvuta ngati ku Mtakataka kapena ku Salima. Chovuta ndi chinyezi cha nkhungu komanso fumbi la mwezi wa Okutobala. Kanga kali pashelefu, patali ndi windo, ndipo mwezi uliwonse ndimakapukuta motulukira mpweya. Mbaula yowothera mu Juni isayandikire.

Tsiku lotchera

Ntchito yonse inanditengera madzulo amodzi. Ndinalowetsa madisiki, kulumikiza waya ku rauta, kenaka kutsegula tsamba la kabokosiko pa laputopu. Choyamba ndinatseka akaunti ya admin imene imabwera kale ndi kupanga yangayanga ya pasiwedi yaitali. Mng'ono wanga amene amandithandiza kukonza zithunzi ndinamupangira akaunti yakeyake, yongoona foda ya ntchito, osati ya zikalata zanga. Pomaliza ndinaika app ya kabokosiko mufoni, moti ndikangolowa m'nyumba zithunzi za tsikulo zimasamuka zokha.

Pali chiyeso chotsegulira kabokosiko ku intaneti kuti muzikapeza muli kutali. Apa ndiye pofunika kudekha. Mu Juni 2021 anthu ambiri amene anali ndi WD My Book Live anadzuka n'kupeza mafayilo awo atafufutidwa ndi akuba a pa intaneti. Mu Januwale 2022 kachilombo ka DeadBolt kanatseka mafayilo m'mabokosi a QNAP masauzande, eni ake n'kuuzidwa kuti alipire Bitcoin. Ovulala ambiri anali amene mabokosi awo ankaonekera poyera pa intaneti. Ngati mukufunadi kulowamo muli ku Lilongwe, gwiritsani ntchito pulogalamu ngati Tailscale imene imangolola zida zanu zokha, ndipo update ikabwera musamaidumphe. Kumbukiraninso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Mukasunga zithunzi ndi ziphaso za makasitomala, kuzisamala ndi udindo wanu.

Nkhokwe nayo imapsa

Apa ndi pamene ndikanalakwitsanso. Madisiki awiri okoperana amakutetezani imodzi ikafa basi. Mukafufuta foda molakwitsa, imafufutika mbali zonse ziwiri. Akuba akathyola nyumba amanyamula kabokosi konse. Mphenzi nayo siisankha disiki.

Akadaulo ali ndi lamulo loti 3-2-1: fayilo yofunika ikhale katatu, pa zida zamitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumba yanu. Ine ndimatere: ntchito imene ndikuikonza ili pa laputopu ndi m'kabokosi. Kumapeto kwa mwezi ndimakopera zonse pa external yokhoma ndi pasiwedi, n'kukaisiya kwa amayi ku Linthipe, ndi kubwerako ndi ya mwezi watha. Zikalata zing'onozing'ono ndi zithunzi zosankhidwa zimapita pa Google usiku, pa bandulo yotchipa. Nthawi ndi nthawi ndimatsegula mafayilo angapo a pa external ija kuona ngati akutsegukadi, chifukwa kope limene simunaliyesepo simungalidalire.

Amayi amaisunga m'sutikesi ya zitenje. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kodi iwe, kachitsulo kameneka muli chiyani kuti uzikalipirira thiransipoti mwezi ndi mwezi?" Ndinawauza kuti muli maukwati a anthu.

Ngati ndalama ya kabokosi mulibe, musadikire. Usiku uno tengani fulashi kapena memori khadi, mukopere masatifiketi ndi zithunzi zimene simungazipezenso, ndipo mawa mukazisiye kunyumba ina. Ine memori khadi ya kamera siifufutidwanso mpaka zithunzi zitakhala malo atatu.