Chimasintha nyengo nchiyani, kupatula zochita za anthu?

Mvula ikachedwa, kapena ikadula chimanga chikumasula ngayaye, alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amafunsana chimene chalakwika. Ambiri amaloza kutha kwa mitengo ndi utsi wa mafakitale, ndipo salakwa. Komabe nyengo imasinthanso pa zifukwa zachilengedwe. Zina mwa izo zimatenga zaka zikwizikwi, pomwe zina zimafika m'munda chaka chomwecho.

Chifukwa choyenda pang'onopang'ono kwambiri ndi kayendedwe ka dziko lapansi pozungulira dzuwa. Dzikoli ndi lopendekeka, ndipo kupendekekaku kumakula nkuchepanso pa zaka pafupifupi 41,000. Njira imene limayendamo nayonso imasintha pa zaka pafupifupi 100,000. Izi zimasintha kuchuluka kwa kutentha kumene dera lililonse limalandira, ndipo mvula imasamuka.

Umboni wake uli pafupi. Mu 2005, akatswiri anaboola pansi pa nyanja ya Niassa, imene ku Malawi amaitcha nyanja ya Malawi, ndi kutulutsa matope akale. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, moti nthawi zina madzi a m'nyanjayi anatsika mamita oposa 500.

Mapiri ophulika amasintha nyengo mofulumira. Phiri la Pinatubo, ku Philippines, litaphulika mu 1991, linaponya mpweya ndi fumbi m'mwamba kwambiri, zomwe zinatchinga kuwala kwina kwa dzuwa. Dziko lonse linazizirako pafupifupi theka la digiri kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Koma chimene chimakhudza nkhokwe ya mlimi mwachindunji ndi El Niño. Nthawi zambiri mphepo ya pa nyanja yaikulu ya Pacific imakankhira madzi ofunda kumadzulo, cha ku Indonesia. Pakapita zaka ziwiri mpaka 7, mphepoyo imafooka ndipo madzi ofundawo amafalikira kummawa, cha ku gombe la Peru. Mitambo ya mvula imatsata madzi ofunda, choncho kayendedwe ka mphepo kamasokonekera mpaka kumadera akutali. Kummwera kwa Africa, kuphatikizapo pakati ndi kummwera kwa Moçambique, zotsatira zake zimakhala kutentha kwambiri ndi ng'amba yaitali pakati pa dzinja, nthawi imene chimanga chimafuna madzi ochuluka. Chilala cha 1991/92, cha 2015/16 ndi cha 2023/24 chinadza m'zaka za El Niño. Madzi a m'dera lomwelo la Pacific akazizira kuposa nthawi zonse, akatswiri amati kwabwera La Niña, ndipo kuno mvula imakonda kuchuluka.

Si El Niño aliyense amabweretsa njala. Wa 1997/98 anali wamphamvu, koma sanaononge mbewu ngati wa 1991/92. Ubwino wake ndi wakuti amaoneka akali kutali, chifukwa madzi a Pacific amayamba kufunda miyezi ingapo mvula yoyamba isanagwe kuno. Bungwe loona zanyengo la INAM limalengeza mmene dzinja likuyembekezeka kukhalira anthu asanabzale. Mlimi amene wamva uthengawo ali ndi nthawi yopeza mbewu yocha msanga, kuonjezera mapira, chinangwa ndi mbatata, kuphimbira nthaka ndi mapesi, kukonza dimba, ndiponso kusagulitsa chimanga chonse kwa mavenda a m'malire.

Nanga kutentha kumene kukukwera masiku ano? Akatswiri ayeza mphamvu ya dzuwa, mapiri ophulika ndi kayendedwe ka dziko, ndipo apeza kuti zonsezi sizingafotokoze kukwera kwachangu chotere. Gwero lake lalikulu ndi mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi kutentha nkhalango. El Niño wa lero amapeza dziko lotentha kale, choncho ng'amba ya masabata atatu imaumitsa nthaka msanga kuposa mmene inkachitira m'nthawi ya makolo.