Musanakweze galimoto yanu, funsani kaye za warranty

Mvula ikangoyamba kugunda kuphiri la Mulanje, mabanja amene ali ndi kagalimoto kawo amayamba kuda nkhawa ndi ulendo wa kumudzi. Phula lilipo ndithu, kuchokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo ndi Luchenza, kufika pa Chitakale, pa boma, mpaka kuchipata cha Muloza. Koma mukangolisiya phulalo n'kukhotera kuseri kwa minda ya tiyi kapena kumidzi ya m'mbali mwa Ruo ndi Thuchila, mumakumana ndi katondo woterera ngati therere, zigwembe ndi miyala imene imakanda galimoto kumimba mpaka mtima kuti myuu.

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe adakokolola misewu ndi milatho m'bomali ndi ku Phalombe, mawu akuti "galimotoyi tiikweze basi" sachedwa kutuluka pakamwa pa bambo a m'nyumba. Amakaniko nawo savuta, amangoti bweretsani, pali lift kit, pofika madzulo ikhala itaima ngati ya asilikali.

Maganizowo si oipa. Koma inu bambo, ndi inu mayi amene mudasonkha nawo ndalama ya galimotoyo, kaya ya ku banki mkhonde kaya ya geni, dekhani pang'ono. Sipanala isanakhudze nati ngakhale imodzi, muyenera kudziwa kuti chikadzathyoka china chake mawa, adzalipire ndani.

Tiyambe ndi kukwezako. Njira yotchipa ndi yoika timaspesa, tizitsulo kapena timapulasitiki tolimba, pamwamba pa masipuling'i. Galimoto imakwera koma masipuling'i ndi mashoko amakhala akale omwewo. Pa mapikapu ena amawonjezera tsamba limodzi pa masipuling'i a kumbuyo, ndipo pa Hilux, Isuzu KB kapena Nissan Hardbody zakale amangomanga torsion bar kuti kutsogolo kutukuke. Njira yodula ndi yosintha zonse, masipuling'i ndi mashoko omwe, n'kuika zopangidwira galimoto yanuyo, monga za Old Man Emu kapena Ironman 4x4, makampani a ku Australia amene katundu wawo ambiri amamuitanitsa kuchokera ku South Africa.

Nachi chimene ogulitsa ena sanena. Pa pikapu, chimene chili pansi kwambiri kumbuyo ndi difu, chimutu chija chili pakati pa matayala awiri. Mukakweza masipuling'i mwakweza thupi la galimoto, koma difuyo ili pomwe idali. Mwala umene udaigunda chaka chatha uigundanso chaka chino. Chimene chimatukula difu ndi tayala lalikulu lokha, ndipo masamu ake ndi owawa: tayala lotalikirapo ndi masentimita 5 limakweza difu ndi masentimita 2.5 basi.

Tayala lalikululo nalo lili ndi zake. Limamwetsa mafuta, limafooketsa galimoto pamtunda, ndipo limanamiza wotchi ya liwiro. Pa Hilux, tayala lotalikirapo ndi masentimita 5 lingachititse wotchi kuonetsa 80 pamene mukuthamanga pafupifupi 85. Wapolisi wa kamera pamsewu sadzamva zoti ndi matayala.

Nanga kukweza kwabwino n'kofika pati? Amisiri ambiri a galimoto za mtundu wa 4x4 salola kupyola mainchesi 2, amene ndi masentimita 5, pa galimoto zamakono. Chifukwa chake chili kutsogolo. Zitsulo zimene zimatenga mphamvu kuchokera ku difu ya kutsogolo kupita ku matayala zili ndi mfundo zotchedwa CV joint. Mukakweza kwambiri, mfundozi zimagwira ntchito zitapindika, malabala ake amang'ambika, girizi amatuluka, matope amalowa. Posakhalitsa mumva kuti ko! ko! ko! pokhota. Ma ball joint amatha msanga, mapaipi a mabuleki ndi mawaya a ABS amakokeka, matayala amadyeka mbali imodzi. Zonsezi sizionekera tsiku lotulutsa galimoto pagalaja. Zimadikira mwezi wa fizi.

Tsopano nkhani ya warranty, lonjezo lija la kampani kuti galimoto ikawonongeka mwa vuto la kufakitale adzakonza ulere. Ngati mudagula yatsopano kwa ogulitsa ovomerezeka ku Blantyre kapena ku Lilongwe, muli ndi kabuku kake. Makampani ambiri amalonjeza zaka 3 kapena makilomita 100,000, chimene chayamba kukwana, ena amapitirirapo. Katulutseni kabukuko m'mene mudakaponya, muwerenge pamene alemba zinthu zimene sadzalipira. Pafupifupi kabuku kalikonse kamanena kuti chowonongeka chifukwa chosintha galimoto kapena kuikamo zipangizo zosavomerezeka ndi kampani, ndi chanu.

Izi sizitanthauza kuti mukangokweza ndiye kuti lonjezo lonse lafa. Wailesi ikasiya kulira, palibe angaloze chala masipuling'i. Koma CV joint, chiwongolero, difu, ma bearing, ngakhale giyabokosi ngati mudaika matayala akuluakulu, pamenepo ogulitsa ali ndi pothawira. Ndipo tamverani, zimenezi ndiye zida zodula, zimene munthu amafunira warranty.

Achinyamata ena amabwera ndi nzeru za pa intaneti, amati lamulo limakakamiza kampani kupereka umboni woti lift kit ndiyo yawononga. Lamulolo lilipodi, dzina lake Magnuson-Moss Warranty Act la 1975, koma ndi la ku America. Silidzakuimirirani pa kauntala ku Blantyre. Kuno kwathu wogula akaona kuti waponderezedwa angathe kukadandaula ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, kapena kupempha uphungu ku CAMA, bungwe loimira ogula. Koma kumeneko adzakufunsani mapepala, ndipo ngati kabuku kadanena poyera kuti musasinthe, inu n'kusintha mwakachetechete, mlandu wanu udzakhala wopanda miyendo.

Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pitani kwa amene adakugulitsani galimoto, muonane ndi mkulu wa kugalaja kwawo, osati wogulitsa wa pakhomo uja amene amavomera chilichonse ndi kumwetulira. Muuzeni dzina la kit, kutalika kwake ndi amene akaike. Mufunseni ngati pali mtundu umene iwo amavomereza kapena kuika okha, ndiponso zida ziti zimene zichoke pa warranty mukatero. Yankholo alembe papepala la kampani, asaine, adinde. Zoti "aaa bwana musadandaule, tidzaona" si yankho. Munthuyo mawa asamutsidwa, mudzapeza wina amene sakukudziwani.

Akakana kulemba, mwamva kale yankho. Ngati warranty yatsala ndi miyezi yochepa, ine ndikuti dikirani ithe. Dzinja limodzi losiya galimoto pamsewu waukulu n'kumalizitsa ulendo pa kabaza silingafanane ndi kugula giyabokosi ndi ndalama ya m'thumba.

Ambiri mwa inu mukuti, ife zimenezo sizikutikhudza, yathu ndi ya ku Japan, idalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam itayenda kale. Zoonadi, galimoto zotere sizikhala ndi lonjezo la kufakitale. Koma muli ndi malonjezo ena awiri oti muwasamale. Loyamba ndi la kit yomweyo: mashoko ndi masipuling'i enieni amabwera ndi warranty yawoyawo, imene imagwira ntchito pokhapokha muli ndi lisiti yolembedwa dzina la sitolo, tsiku ndi nambala ya katunduyo. Zogula m'manja mwa munthu, m'katoni yong'ambika, zikatha pa mwezi umodzi mulibe kolowera. Funsaninso galaja kuti ntchito ya manja awo akuitsimikiza kwa nthawi yaitali bwanji.

Lachiwiri, limene ambiri amaiwala, ndi inshuwalansi. Ngati muli ndi ya comprehensive, ndipo amene adagula pa ngongole ya kubanki kapena ya kuntchito kawirikawiri amakhala nayo, kampaniyo idavomera kuteteza galimoto monga idaliri tsiku lolembetsa. Mukaisintha osawauza, kenako n'kugubuduzika, woyesa ngozi akangosuzumira pansi aona zonse, ndipo kampani ingathe kukana kulipira. Galimoto yatha, ngongole ikadalipo, malipiro akudulidwabe mwezi ndi mwezi. Alembereni kalata musanakweze, musunge yankho lawo. Kumbukiraninso kuti galimotoyo ikaonekerabe kwa opima a Road Traffic kuti ipeze COF, ndipo iwo amayang'ana chiwongolero, mabuleki, nyali ndi matayala.

Inu makolo, pali zina zoposa ndalama. Galimoto ikakwera, kulemera kwake kumakweranso, ndiye imapendama msanga pokhota. Ganizirani makona a msewu wa ku Thyolo kukuchita chifunga, kumbuyo mwanyamula matumba a nandolo ndi nanazi, ana ali mkati. Kukweza sikuwonjezera katundu amene galimoto ingasenze, ngakhale ikuoneka ngati yalimba. Mabuleki ndi omwe aja. Ndiponso woyendetsa akakhala pamwamba, kamwana kamene kakusewera pafupi ndi bampala sikaoneka. Zungulirani galimoto musanailize pakhomo. Za agogo ndi mayi woyembekezera amene azivutika kukwera, n'zoti mukambirane awiri musanapite kugalaja, osati mayi angoona galimoto yabwera itatalika ngati nyumba ya nkhunda.

Choopsa kwambiri ndi mtima umene galimoto yokwezedwa imapatsa mwini wake pamtsinje. Anthu a ku Mulanje mukudziwa kuti Likhubula, Lichenya kapena Ruo amatha kudzaza mwadzidzidzi ngakhale kumunsi kuli dzuwa, mvula itagwa kuphiri. Akuluakulu sadaiwale Napolo wa mu Malichi 1991 ku Phalombe, nthawi imeneyo kudakali mbali ya boma la Mulanje. Masentimita 5 sasandutsa pikapu kukhala bwato. Madzi othamanga amakankha galimoto chammbali, ndipo akalowa poyamwira mpweya injini imafa pomwepo. Zimenezo warranty ya kufakitale silipira.

Nanga a Probox, Sienta, Noah ndi tina totere? Musanaganize za kit, pimitsani kaye masipuling'i. Galimoto zambiri zakale zidakhala pansi chifukwa masipuling'i adatopa ndi katundu. Kungoika atsopano a saizi yake kumabweza msinkhu wa kufakitale popanda kusintha kanthu, ndipo palibe wa inshuwalansi angakudzudzuleni. Onjezani chitsulo chotchinga sampu ya oyilo pansi pa injini, mugule matayala a mano abwino a saizi yomweyo. Kumatope chimene chimakutulutsani ndi kugwira kwa tayala. Galimoto yokoka ndi matayala awiri, ngakhale muikweze chotani, ititimirabe pa katondo.

Ngati mwafunsa konse, mapepala ali m'manja, ndipo mwagwirizana kuti mukwezadi, sankhani kit yolembedwa mtundu ndi chaka cha galimoto yanu, osapyola masentimita 5. Ikatuluka pagalaja ipite kukapimitsa alaimenti tsiku lomwelo, ndipo nyali za kutsogolo azitsitse kuti musamathobwe anzanu m'maso usiku. Pa mapikapu akale pali kavalavu kogawa mphamvu ya mabuleki a kumbuyo malinga ndi katundu. Mukumbutseni makaniko akakonzenso. Mukayenda makilomita ngati 500 bwererani akamangenso manati onse. Masipuling'i ndi mashoko akale musawasiye pagalaja, kawasungeni kunyumba pouma, chifukwa tsiku logulitsa galimotoyo wogula wina adzafuna ibwerere m'mene idaliri.