Madzi a m'giza akayamba kugwira nyesi

Magetsi atafika ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula, m'nyumba zina za ogwira ntchito ndi m'malo ogona alendo mudaikidwa magiza. Giza ikasiya kutenthetsa madzi, ambiri amati yatha, kwatsala n'kukagula ina m'tauni. Koma nthawi zambiri thanki imakhala ili bwinobwino. Chimene chimafa ndi elementi, chitsulo chotenthetsa madzi chija, kapena thermostat yomwe imadula magetsi madzi akatentha mokwanira, ndipo zonsezi zimagulitsidwa pazokha.

Wodziwa ntchito amayamba wathimitsa breaker, kenako amayeza elementi. Ya mawati 3,000 pa mavoti 230 imaonetsa ma ohm pafupifupi 18. Ikapanda kuonetsa kanthu, yapsa. Madzi a m'mijigo ina amasiya zoyerayera zija zimamatirira m'ketulo. Zikakuta elementi, imatentha mopitirira n'kung'aluka. Kuyatsa giza m'thanki mulibe madzi kumapsereza elementiyo nthawi yomweyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "amangonyerenyesa pang'ono". Munthu akagwira mpopi n'kumva nyesi, ena amati lero a ESCOM atumiza magetsi amphamvu, ena amati amagwira okhawo ali ndi chilonda. Ayi ndithu. Mpopi wa giza yabwino sugwira munthu, kaya magetsi abwera bwanji. Nyesiyo ikutanthauza kuti magetsi akutayikira m'madzi, kawirikawiri kudzera pa elementi yong'aluka, ndipo waya wa earth woyenera kuwapititsa pansi waduka kapena sadaikidwe n'komwe. Chilonda chimangomupangitsa munthu kumva msanga. Amene wanyowa thupi lonse, ali chilili pasimenti popanda nsapato, ndiye njira imene magetsiwo amadzera, ndipo mwana amene amasamba pomwepo sadziwa n'zothawa zomwe.

Breaker ikamagwaigwa, musamvere oti yafooka, tiilumphe ndi waya. Ikugwa chifukwa pali vuto. Chimodzimodzi kapaipi kodontha pambali pa giza: si kubooka, ndi potulukira mphamvu ya madzi akafufuma ndi kutentha. Mukakatseka, thanki ikhoza kuphulika.

Nyesi ikamveka, thimitsani giza pa breaker tsiku lomwelo, muitane wamagetsi wa chiphaso cha MERA. Amene mumatenthetsa madzi ndi hita ya m'ndowa, muziyamba mwaizula pakhoma musanapise dzanja kuti muone ngati atentha.