Gulugufe wa mbozi za m'chimanga: msampha umakola aamuna okha

Mwa agulugufe ambiri, wamwamuna ndi wamkazi safanana. Taonani aja ofiirira, a nsonga zakuda zamadontho oyera, omwe amauluka mosathamanga m'mbali mwa misewu ya ku Nguludi. Akatswiri amawatcha Danaus chrysippus. Pa phiko lam'mbuyo wamkazi ali ndi madontho akuda atatu, wamwamuna anayi, ndipo lachinayilo ndi kathumba kosungamo fungo lokopera mkazi.

Koma kwa mlimi wa kwa Likoswe, gulugufe woyenera kumudziwa bwino ndi wina, wouluka usiku, amene amabala ntchemberezandonda zachilendo zija. Mbozizi kwawo ndi ku America. Zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 zinali zitasakaza chimanga m'Malawi muno moti boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi.

Gulugufe wamwamuna wa mbozizi mapiko ake akutsogolo ndi amawangamawanga, otuwa ndi ofiirira, ali ndi kachigamba koyera kunsonga. Wamkazi ndi wotuwa basi, wosakopa maso, koma mwini zoopsa ndi iyeyo. Amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi, kawirikawiri kunsi kwa tsamba, n'kuwaphimba ndi timaubweya ta m'thupi mwake. Pa moyo wake wonse amatha kuikira oposa 1,000, ndipo kukatentha mazirawo amaswa m'masiku awiri kapena atatu okha.

Apa m'pamene alimi ena amasokonezeka. Misampha imene alangizi amapachika m'minda ili ndi kanyambo kotengera fungo limene wamkazi amatulutsa poitana mwamuna. Choncho okodwamo ndi aamuna. Munthu akatsegula msampha n'kupezamo agulugufe ali mbwee, mtima umakhala pansi, amvekere mdani watha. Ayi ndithu! Akazi aja akadali panja, ndipo ambiri akumana kale ndi amuna ena. Ntchito ya msampha ndi kuchenjeza kuti agulugufe afika m'dera, osati kutchinjiriza munda, ndipo zimandipweteka kuona chimanga chabwinobwino chikudyeka mwini wake atakhulupirira chidebe cholendewera pamtengo.

Aamuna akachuluka mumsampha, lowani m'munda m'mawa womwewo. Tembenuzani masamba, fufuzani timilu ta mazira taubweya, n'kutiphwanya ndi zala. Suzumiraninso m'kati mwa nsonga ya chimanga: mukaona ndowe zonga utuchi, mbozi ili momwemo. Muizindikira ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu pake, ndi madontho anayi akuda chakumchira. Ikadali yaing'ono, isanabisale pansi pa nsonga, ndiyo nthawi yoitola ndi manja kapena kuitana mlangizi kuti akuuzeni mankhwala oyenera.