Tikafuna za mu ubongo, timayamba ndi magazi

Anthu akamva kuti ndimafufuza za matenda a maganizo, amadabwa akandipeza mu labu ndili ndi timabotolo ta magazi. Amafunsa kuti, kodi vutolo lili m'mutu kapena m'magazi? Akulondola kufunsa. Kungoti ubongo wa munthu wamoyo sungautape n'kukauyeza. Ndiye timadzera njira yozungulira, kukagwira mapulateleti.

Mapulateleti ndi tizidutswa ta m'magazi timene timaundana pabala kuti magazi asiye kutuluka. Amapangidwa m'kati mwa mafupa ndipo amangokhala masiku 7 mpaka 10. Amene munadwalapo malungo aakulu mwina munamva adokotala akuti achepa.

Pakhungu la pulateleti iliyonse pali timaloko totchedwa alpha-2. Kiyi wake ndi adirenalini, uja amagunditsa mtima ukakumana ndi njoka panjira. Kiyiyo akalowa, mapulateleti amamatirirana msanga. Timaloko tomweti tilinso pamitsempha ya mu ubongo, koma uko timagwira ntchito ya buleki: mbale wake wa adirenalini, noradirenalini, akachuluka, timauza mtsempha kuti zakwana, usatulutsenso wina. Mankhwala a mirtazapine, amene timapatsa odwala okhumudwa kwambiri, amamasula buleki ameneyu.

Chiyembekezo chathu chinagona pamenepa. Mu 1981, Jesús García-Sevilla ndi anzake anapeza timaloko tambiri pamapulateleti a anthu odwala matenda okhumudwa kwambiri. Zinkamveka bwino: buleki wachuluka, noradirenalini wachepa, munthu wafooka. Mu 1987, ofufuza a ku America anapeza timaloko tochepa mwa asilikali akale amene zoopsa za kunkhondo zinkawabwererabe m'maganizo.

Kenako zinthu zinasokonekera. Timalokoti timatiwerenga pogwiritsa ntchito mankhwala amene amamatirira pamenepo, ndipo oyeza ndi clonidine ankapeza zina, oyeza ndi yohimbine zinanso. Mankhwala amene wodwala akumwa nawonso amasintha chiwerengerocho. Komanso tisadzinamize, pulateleti siiganiza, silira maliro, siidziwa ngongole.

Ine ntchitoyi ndimaikondabe, chifukwa imatithandiza kumvetsa mgwirizano wa matenda a maganizo ndi a mtima. Koma mpaka lero palibe kuyeza magazi kumene kungatsimikize kuti munthu ali ndi matenda okhumudwa. Dokotala akakutengani magazi, akufuna kuona ngati vuto silikuchokera kwina, monga kuchepa kwa magazi kapena chithokomiro. Zina zonse amazidziwa pokhala nanu pansi n'kukumvetserani. Choncho mukapita kuchipatala, musabise kanthu: nenani za tulo, za chakudya, ngakhale maganizo ofuna kudzipha ngati akukubwererani.